Utumiki ndi chani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho pa mawu a akhristu oyambirira

Mafunso awa akhala akubwera mobwerezabwereza tikakhala pa maphunziro a Baibulo, makamaka nthawi yosankha adikoni ikayandikira, nde ndaona kuti bola ndingowayankha pamodzi. Ena ndayankha motalika, ena mwachidule, kutengera nyama yomwe ili pa fupalo. Khalani ndi Baibulo pafupi muzitsegula nokha mavesiwo, musamangoti poti wanena ndi uje.

Mawu oti utumiki m'Chipangano Chatsopano amachokera pati?

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo malo ambiri omwe ife timawerenga kuti utumiki, mtumiki kapena kutumikira, olembawo anaika mawu atatu apachibale: diakonia ndiyo ntchitoyo, diakonos ndi munthu wake, diakoneo ndi kuchitako. Mukawaphatikiza onse amapezeka pafupifupi ka 100. Mawu athu oti dikoni anachokera pomwepo.

Chomwe chimadzidzimutsa anthu ndi gulu la amene akutchedwa diakonos. Anyamata omwe anatunga madzi pa ukwati wa ku Kana ndi madiakonos pa Yohane 2:5. Paulo ndi Apolo chimodzimodzi pa 1 Akorinto 3:5. Febe wa ku Kenkreya, Tukiko wonyamula makalata uja, wolamulira wa boma yemwe wanyamula lupanga pa Aroma 13:4, Khristu mwiniwake pa Aroma 15:8, ndipo pa 2 Akorinto 11:15 Satananso ali nawo ake. Mawu ndi amodzi omwewo. Mabaibulo a Chingerezi amawagawa patatu, apa wantchito, apa mlaliki, apa dikoni, owerenga nkumaona ngati ndi maudindo osiyana, pomwe Buku Lopatulika lathu la 1922 lija malo ambiri linangoti mtumiki basi, ndipo pamenepa akuluakulu aja anatithandiza kwambiri.

Palinso mawu ena awiri omwe nawonso timawamasulira kuti utumiki. Leitourgia poyamba inali ntchito yomwe munthu wachuma ku Athens ankagwirira mzinda ndi ndalama za m'thumba mwake, monga kulipirira sitima yankhondo, kenako mawuwa anadzagwiranso ntchito ya ansembe m'kachisi, ngati ya Zekariya pa Luka 1:23. Hyperetes ndi wothandizira, ngati mnyamata wa m'sunagoge yemwe Yesu anamubwezera mpukutu atamaliza kuwerenga pa Luka 4:20.

Ndinamva mlaliki akuti diakonia tanthauzo lake ndi kuperekera zakudya patebulo. Ndi zoona?

Theka lake ndi zoona, ndipo mlalikiyo sanazipeke yekha. Mu 1935 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Beyer, analemba m'dikishonale yaikulu ya mawu a Chipangano Chatsopano kuti muzu wa diakonia ndi kutumikira patebulo, ntchito yonyozeka yomwe Agiriki ankaiona ngati ya anthu wamba, ndipo akhristu anaitenga nkuisandutsa ntchito ya chikondi yodzichepetsa. Maganizo amenewa anagwera m'nthaka yolimidwa kale, chifukwa kuyambira 1836 m'busa Theodor Fliedner anali atatsegula nyumba ku Kaiserswerth, ku Germany komweko, yophunzitsa adikoni achizimayi kusamalira odwala, Florence Nightingale anakaphunzirako komweko, ndipo mpaka lero ku Germany mawu oti Diakonie amatanthauza zipatala ndi ntchito zachifundo za mpingo. Nde kwa zaka zambiri m'masukulu a ubusa ankangophunzitsa kuti diakonia ndi chifundo kwa osauka basi.

Mavesi ochirikiza alipo ndithu. Apongozi ake a Petro malungo atawasiya anadzuka nkuwatumikira, apo palibe kukaika kuti anapita kukhitchini. Marita pa Luka 10:40 anatangwanika ndi diakonia yambiri, miphika imeneyo.

Koma mu 1990 John N. Collins wa ku Australia anatulutsa kafukufuku yemwe anagwedeza nkhaniyi. Iyeyu anakhala pansi nkuwerenga mmene Agiriki wamba, olemba masewero, anzeru zakuya ndi olemba mbiri ankagwiritsira ntchito mawuwa, ndipo anapeza kuti pakatikati pake si kunyozeka kapena chifundo ayi, koma kutumidwa. Diakonos ndi munthu woyenda pakati pa mbali ziwiri, wanyamula uthenga, katundu kapena mbale m'malo mwa yemwe wamutuma. Hermes, mthenga wa milungu yawo ija, ankatchedwa diakonos wa Zeus, mkulu wa milunguyo, ndipo Hermes sanali wotsuka mbale. Mu 2007 mayi wina katswiri wa ku Germany, Anni Hentschel, anafufuzanso payekha nkugwirizana naye pa mfundo yaikuluyi.

Ine ndimazionera pakhomo pathu pomwe. Kukabwera alendo, mayi aphika, bambo anena kuti alendo adyere m'nyumba yaikulu, ndipo mwana ndi amene amanyamula beseni la madzi ndi mbale ya nsima nkukagwada pamaso pa alendo. Nsimayo si yake, sanaphike ndi iye, ganizo loti alendo adye si lake, koma popanda iye chakudyacho chithera kukhitchini. Akaponya mbale mwamwano yemwe wachita manyazi ndi mwini khomo. Ameneyo ndiye diakonos. Tebulo lilipo, kugwada kulipo, koma chomwe chamuimika pamenepo ndi choti watumidwa.

Ndiye kuti Chichewa chathu chinalasa?

Chinalasa pamtima penipeni. Tamverani mawuwa: kutuma, kutumika, kutumikira, mtumiki, utumiki, mtumwi. Onse ndi ana a mimba imodzi. Mu Chigiriki mawu a mtumwi ndi a mtumiki ndi osiyana mizu, koma kwathu kuno chilankhulo chimakukumbutsa chokha kuti palibe mtumiki wopanda womutuma. Munthu akati ndili ndi utumiki wanga, funso lachichewa limabwera lokha, wakutuma ndani, ndipo wakutuma kwa yani?

Ganiziraninso ankhoswe, kapena nduna ya amfumu. Nduna ikafika pakhomo panu nkunena kuti mukufunika kubwalo mawa, simungayankhe kuti iwe ndiwe ndani, chifukwa mawuwo ndi a mfumu, komanso ndunayo ikayamba kuonjezera zake kapena kulandira nkhuku mwamseri yaphwanya ntchito. Ili ndi mphamvu koma mphamvuyo ndi yobwereka. Paulo akamati ife ndife atumiki a pangano latsopano pa 2 Akorinto 3:6 sakudzichepetsa chabe, akuwauza Akorinto kuti mundimvere chifukwa ndatumidwa ndi Mulungu, kalata yonseyo ndi yoteteza udindo wake kwa anthu omwe ankamuderera.

Kankhani kapambali: mawu oti minisita anachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake ndi minus, kutanthauza chochepa. Minisita anali wamng'ono, wotumidwa. Mmene zinatembenukira mpaka kufika pa galimoto zamdipiti ndi apolisi kutsogolo, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mtumiki ndi kapolo ndi chinthu chimodzi?

Ayi. Kapolo ndi doulos, ndipo mawuwa amanena za mwini wake wa munthuyo, kuti ndi wa ndani. Diakonos amanena za ntchito yomwe ali nayo m'manja. Kapolo akhoza kutumidwa, koma mfulunso ikhoza kutumidwa. Paulo amagwiritsa onse awiri, akayamba kalata kwa Aroma amati Paulo kapolo wa Yesu Khristu, ndipo musaiwale kuti m'mipingo yomwe inkamvetsera kalatazi munali akapolo enieni, monga Onesimo, nde mawuwo sanali okometsera ulaliki ngati mmene timawatchulira ife lero. Afilipi 2:7 akamati Khristu anatenga maonekedwe a kapolo, ndi doulos ameneyo.

Kodi udikoni unayambira pa Machitidwe 6?

Ili ndiye funso lomwe limautsa mtsutso nthawi zonse. Tiyambe ndi zomwe zinachitika. Mpingo wa ku Yerusalemu unali ndi magulu awiri a Ayuda, olankhula Chigiriki omwe ambiri anakulira kunja, ndi eni nthaka olankhula Chiaramu. Tsiku ndi tsiku kunkagawidwa chithandizo kwa amayi amasiye, ndipo olankhula Chigiriki anayamba kung'ung'udza kuti amasiye athu akudumphidwa. Aliyense amene anaimapo pamzere wa chimanga cha chithandizo nkumva mayina akuitanidwa mpaka thumba lomaliza, dzina la agogo ake osamveka, akudziwa mtundu wa kung'ung'udza kumeneku. Luka sakubisa, mpingo woyamba uja womwe timautama kuti anali a mtima umodzi unali ndi vuto la tsankho pa kagawidwe.

Atumwi 12 aja anaitanitsa msonkhano nkunena kuti sikoyenera ife kusiya mawu a Mulungu nkumatumikira matebulo, sankhani amuna 7 a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru. Anasankha Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao wa ku Antiokeya, yemwe sanabadwe Myuda koma anachita kulowa Chiyuda. Mayina onse 7 ndi achigiriki. Dzina lokha si umboni wokwanira, paja Andreya ndi Filipo mwa atumwi aja analinso ndi mayina achigiriki, koma onse 7 abale, zikuoneka kuti makiyi a nkhokwe anaperekedwa kwa mbali yomwe inkadandaulayo. Mipingo yambiri lero ikanapanga komiti yofufuza.

Tsopano zinthu zitatu zomwe anthu sazionetsetsa. Choyamba, m'ndime yonseyi anthu 7 amenewa sakutchedwa madiakonos ngakhale kamodzi, ndipo Luka akadzamutchulanso Filipo pa Machitidwe 21:8 amangoti mlaliki, mmodzi wa 7 aja. Amene anadzayamba kumutcha Stefano dikoni woyamba ndi olemba apambuyo monga Irenaeus, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 100. Chachiwiri, mawu oti diakonia ali mbali zonse ziwiri, vesi 1 kugawa kwa amasiye ndi diakonia, vesi 4 ntchito ya atumwi ndi diakonia ya mawu. Palibe poti awa ali ndi utumiki, awo ali ndi ntchito zamanja chabe. Chachitatu, tebulo lomwe likunenedwalo, trapeza, ndi mawu omwewo a matebulo a osintha ndalama omwe Yesu anagubuduza m'kachisi, mpaka lero ku Greece banki amaitcha trapeza, nde ena amati anthuwa anapatsidwa thumba la ndalama osati zikho ndi mbale zokha.

Ndipo chondisangalatsa ine nchoti sitikuwaonapo akugawa ngakhale mkate umodzi. Mutu wotsatira Stefano akulalikira mpaka kuponyedwa miyala, mutu winawo Filipo ali ku Samariya, kenako ali pagaleta akumasulira Yesaya kwa nduna ya chuma ya ku Itiyopiya nkuibatiza. Amene amauza adikoni kuti inu zanu ndi kutolera chopereka ndi kukonza mabenchi basi, awerengenso mitu imeneyi.

Nanga Febe anali dikoni weniweni kapena ankangothandiza?

Aroma 16:1 akumutcha diakonos wa mpingo wa ku Kenkreya, lomwe linali doko la kum'mawa kwa Korinto. Mawuwo ndi omwewo omwe Paulo amadzitchulira yekha, sanawasinthe kapena kuwachepetsa poti ndi mzimayi. Mawu apadera a dikoni wamkazi, diakonissa, anadzabwera patapita zaka mazana. Vesi 2 akuti anali prostatis wa anthu ambiri ndi wa Paulo yemwe, ndiye kuti munthu wopeza bwino woimirira ena ndi chuma komanso dzina lake, ngati uja amasunga alendo, kuwalipirira ulendo ndi kuwalankhulira kwa akuluakulu.

Akatswiri ambiri amagwirizana kuti Febe ndi amene ananyamula kalata ya Aroma, cha m'ma 57, kuchoka ku Korinto kupita ku Roma, nchifukwa chake pa mutu 16 Paulo akuyamba ndi iye nkumati mumulandire. Nthawi imeneyo kunalibe positi ya anthu wamba, kalata inkayenda ndi munthu, ndipo omvera akasokonezeka pena pake ankafunsa yemwe wabwera nayo kuti kodi apa mkuluyu amatanthauza chani. Tangoganizani, kalata yomwe yazunguza mitu ya akatswiri zaka pafupifupi 2000, woyamba kufunsidwa mafunso ake ayenera kuti anali mayi ameneyu. Apa tanthauzo lija la woyenda pakati likukwana ndendende.

Pa 1 Timoteo 3:11, pakati pa malangizo a adikoni, pali chiganizo choti akazinso chimodzimodzi akhale olemekezeka. Anthu amakangana kuti akunena akazi a adikoni kapena adikoni achizimayi, ndipo vuto lake ndi lomwe tili nalo m'Chichewa, mawu oti mkazi amatanthauza zonse ziwiri. M'Chigiriki mulibe mawu oti awo, angoti akazi. Ine ndimapendekera koti ndi adikoni achizimayi, chifukwa zikanakhala za akazi apabanja bwenzi atanenaponso za akazi a oyang'anira m'mavesi apamwamba, koma sanatero.

Umboni wina ukuchokera kwa munthu yemwe sanali mkhristu nkomwe. Cha m'ma 112 Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia, analembera mfumu Trajan kuti pofuna kudziwa zoona za akhristu anazunza akapolo awiri achizimayi omwe akhristuwo ankawatcha ministrae, atumiki m'Chilatini. Mwina anasankha iwowo poganiza kuti ndi odziwa za mkati. Ndipo mu 451 msonkhano waukulu wa mabishopu ku Chalcedon unaika lamulo loti mzimayi asaikidwe manja kukhala dikoni asanakwane zaka 40, lamulo lotere simuika pa chinthu chomwe kulibe.

Musaiwalenso Luka 8:1-3, Mariya wa Magadala, Yohana mkazi wa Kuza kapitawo wa Herode, Suzana ndi ena ambiri omwe ankatumikira gulu la Yesu ndi chuma chawo. Ulendo wonse uja wa ku Galileya unali ndi olipira.

Yesu ankatanthauza chani ponena kuti sanabwere kudzatumikiridwa koma kutumikira?

Vesi imeneyi, Marko 10:45, timaikonda pa mwambo wodzoza atsogoleri koma timaidula pakati. Inayamba ndi Yakobo ndi Yohane kupita mwamseri kukapempha mipando, wina kudzanja lamanja wina lamanzere, anzawo 10 aja atamva anapsa mtima, osati poti anali oyera kuposa awiriwo koma poti anawaphangira. Yesu nkuwauza kuti olamulira a mitundu amapondereza anthu awo, pakati pa inu zisatero, wofuna kukhala wamkulu akhale diakonos wanu, wofuna kukhala woyamba akhale doulos wa onse. Kenako ndi pomwe akuti Mwana wa munthu sanadze kutumikiridwa koma kutumikira ndi kupereka moyo wake dipo la anthu ambiri.

Mbali yomalizayo ndi imene ikumasulira yoyambayo. Kutumikira kwake si kukhala munthu waulemu wothandiza aliyense pa chilichonse, ndi ntchito yeniyeni yomwe anatumidwa, kukafa. Sanabwere ngati mfumu yokhala pampando nkumatuma anthu, anabwera iye ali wotumidwayo.

Koma apa ndisiyaneko pang'ono ndi omwe atengeka kwambiri ndi Collins mpaka kumati kudzichepetsa mulibemo. Pa Luka 22:27, ali pa chakudya chomaliza, Yesu akufunsa kuti wamkulu ndani, wokhala pachakudya kapena woperekera? Yankho aliyense akulidziwa, ndi wokhala pansiyo. Iye nkuti koma ine ndili pakati panu ngati woperekera. Apo wasankha dala malo apansi. Mawuwo paokha satanthauza kunyozeka, zoona, koma Yesu anawatengera kumeneko. Pa Yohane 13 posambitsa mapazi mawu a diakonia mulibe nkomwe, koma palibe amene angawerenge za beseni ndi thaulo zija nkunena kuti sakuona utumiki.

Zoti kutolera ndalama ndi utumiki zili m'Baibulo, kapena ndi nzeru za asungichuma?

Zilimo, ndipo mochuluka kuposa mmene mungaganizire. Pa Machitidwe 11:29, njala itagwa m'masiku a mfumu Klaudiyo, akhristu a ku Antiokeya anasonkha nkutumiza thandizo ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo, ndipo thandizolo likutchedwa diakonia. Kenako Paulo anatha zaka zingapo akutolera chopereka m'mipingo ya ku Galatiya, Makedoniya ndi Akaya chopita kwa osauka a ku Yerusalemu. Pa 1 Akorinto 16:2 akupereka ndondomeko yake, tsiku loyamba la sabata aliyense aziika kenakake pambali kunyumba monga wapezera, kuti ndikabwera pasadzakhale chipwirikiti chosonkhetsa. Mitu iwiri yathunthu, 2 Akorinto 8 ndi 9, ndi ya nkhani imeneyi, ndipo akuwachititsa manyazi Akorinto powauza kuti anzanu a ku Makedoniya ndi osaukitsitsa koma anachita kutichonderera kuti apereke nawo.

Chomwe ndimafuna komiti iliyonse ya zachuma iwerenge ndi 8:18-21. Paulo sananyamule thumba yekha. Anatuma Tito pamodzi ndi m'bale wina wosankhidwa ndi mipingo, osati wosankhidwa ndi Paulo, ndipo akunena poyera chifukwa chake, kuti pasapezeke wotinena pa ndalama zochuluka chonchi, tikufuna zikhale bwino pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Mtumwi wathunthu akuvomera kuti aziwerengeredwa. Nde wina akamati musandifunse za ndalama ndine wodzozedwa, kaya udzozi wake waposa wa Paulo.

Pa Aroma 15:31 akupempha mapemphero kuti utumiki wakewu ukalandiridwe ku Yerusalemu, kusonyeza kuti ankaopa kuti akhoza kuukana poti wachokera kwa anthu osadulidwa. Chinali chithandizo inde, komanso chinali chingwe chomangira mbali ziwiri za mpingo zomwe zinkakayikirana. Ulendo wokapereka ndalamazo ndi womwe anamangidwira.

Utumiki ndi wa mkhristu aliyense kapena wa abusa okha?

Mukhulupirire kapena ayi, mbali ina ya mkanganowu yagona pa kachizindikiro kopumira. Aefeso 4:11-12 akuti Khristu anapereka atumwi, aneneri, alaliki, abusa ndi aphunzitsi, kenako pakubwera zigawo zitatu, kukonzekeretsa oyera mtima, ntchito ya utumiki, kumanga thupi la Khristu. Mukaika mpumiro pakati pa chigawo choyamba ndi chachiwiri, monga linachitira Baibulo la King James, ntchito zonse zitatu ndi za atsogoleriwo. Mukauchotsa, monga amachitira Mabaibulo ambiri atsopano, atsogoleri ntchito yawo ndi kukonzekeretsa anthu kuti anthuwo ndiwo agwire utumiki. Mipukutu yakale kwambiri sitithandiza pamenepa chifukwa inkalembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha zogundana, popanda ngakhale mpata pakati pa mawu.

Mwamwayi nkhaniyi sinatsamire pa vesi imodzi. 1 Akorinto 12:5 akuti mautumiki ndi osiyanasiyana koma Ambuye ndi mmodzi. 1 Petro 4:10 akuti aliyense atumikire anzake ndi mphatso yomwe analandira. A m'nyumba ya Stefana pa 1 Akorinto 16:15 anadzipereka okha kutumikira oyera mtima, ndipo Paulo akuuza mpingo kuti anthu otere muziwamvera. Komanso sizikutanthauza kuti chilichonse chomwe munthu wafuna kuchita ndi utumiki, kapena kuti maudindo kunalibe, Afilipi 1:1 akulonjera kale oyang'anira ndi atumiki ngati magulu odziwika. Pali kavesi kena komwe kamandiseketsa, Akolose 4:17, kalata ikuwerengedwa mokweza pamaso pa mpingo wonse nkufika poti mumuuze Arkipo kuti asamale utumiki womwe analandira mwa Ambuye, aukwaniritse. Mitu yonse kutembenukira kwa Arkipo. Analandira, sanadzipatse, ndipo mpingo unali ndi ufulu womukumbutsa.

Atumwi atatha, adikoni ankagwira ntchito yanji?

Ignatius, bishopu wa ku Antiokeya, akupita ku Roma kukaphedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 100, analembera mpingo wa ku Tralles kuti adikoni si atumiki a zakudya ndi zakumwa chabe koma a mpingo wa Mulungu. Kunena choncho ndiye kuti ena anali atayamba kale kuwaona ngati operekera. Justin, mlembi wina wachikhristu, cha m'ma 150, akufotokoza mapemphero a Lamulungu ku Roma nkunena kuti adikoni ankagawa mkate ndi vinyo kwa omwe alipo kenako nkunyamula kupititsa kwa omwe sanabwere, odwala ndi ena otero. Kuyenda pakati kuja.

Cha m'ma 251 bishopu Cornelius wa ku Roma analemba chiwerengero cha mpingo wake, ansembe 46, adikoni 7, ndi amasiye pamodzi ndi ovutika opitirira 1,500 omwe mpingo unkawadyetsa. Adikoni anawasunga pa 7 potsatira Machitidwe 6, ndipo poti anali ochepa komanso thumba linali m'manja mwawo, anali anthu amphamvu kwabasi, mabishopu ambiri a ku Roma ankachokera mwa iwo. Mmodzi wa iwo, Lawrence, anaphedwa mu 258 pa chizunzo cha mfumu Valerian, ndipo nkhani yomwe yakhala ikusimbidwa ndi yoti atalamulidwa kupereka chuma cha mpingo anasonkhanitsa osauka ndi olumala nkunena kuti chuma chake ndi ichi.

Mtumiki azilipidwa? Nanga wonama timudziwa bwanji?

Paulo akunena mosabisa pa 1 Akorinto 9:14 kuti olalikira uthenga azidya za uthengawo, ng'ombe yopuntha tirigu simuimanga pakamwa. Koma iye mwini ku Korinto anakana kulandira, ankasoka mahema limodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo pa 2 Akorinto 11:8 akuti ndinalanda mipingo ina polandira malipiro kwa iwo kuti nditumikire inu. Chodabwitsa nchoti Akorinto anakhumudwa nazo, ankaona ngati mphunzitsi waulere ndi wotchipa, nkumakonda alendo ena odzitama omwe ankawadyera. M'mutu womwewo ndi momwe akunena za atumiki a Satana odzionetsa ngati atumiki a chilungamo, ndipo vesi 20 akuwadzudzula kuti mumalolera munthu akakusandutsani akapolo, akakudyerani, ngakhale akakuombani mbama kumaso. Dzina loti mtumiki wa Mulungu linali kale pakamwa pa aliyense nthawi imeneyo.

Kabuku kena kakale kwambiri ka malangizo a mpingo kotchedwa Didache, komwe akatswiri ambiri amati kanalembedwa cha kumapeto kwa zaka 100 zoyambirira, kanakumana ndi vuto la alaliki oyendayenda ndipo sikanazungulire. Mtumwi akafika mumulandire ngati Ambuye, agone tsiku limodzi, ngati pali chifukwa awiri, akafika atatu ndi mneneri wonama. Pochoka mumupatse mkate wongomufikitsa komwe akagone, akapempha ndalama ndi mneneri wonama. Ndipo akanena kuti Mzimu walamula kuti pakonzedwe chakudya, iyeyo asadye nawo.